Tsiku Limene Uchi Unakana Kuyenda M'paipi

Abale inu, nkhani yabwino! Chiyambi cha mwambi uja wa phula, uja umatizunza pa mayeso a Chichewa, chapezeka! Chabwera ndi mayi wina injiniya, a Ndaziona Kaliwo, amene anadzacheza ndi atsikana a Fomu 3 kuti tisamathawe masamu. Aphunzitsi a Chichewa akuti n'zopeka, akuti mwambiwo ndi wakale kuposa makoleji onse a m'dziko muno. Koma iwowo kunalibe, pamene a Kaliwo analipo, mpando wakutsogolo penipeni! Ndiye khalani pansi, mumve. Akuti mwambiwu chiyambi chake chinali chotere.

Pa koleji ina ya zaumisiri panafunika mphunzitsi. Amene analipo anali atapuma pa ntchito, ndipo ophunzira a uinjiniya wa makemikolo anatsala opanda wowaphunzitsa maphunziro awiri ovuta zedi: la kayendedwe ka zinthu zamadzimadzi m'mapaipi, ndi la kayendedwe ka kutentha kuchoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira. Ofunsira ntchitoyo anali ambiri, koma wotsala pomaliza anali mnyamata wina wamtali, wa ndevu zapamlomo zopesedwa bwino, dzina lake Yotamu Kanyumbu.

Musaganize kuti Yotamu anali mbuli, ayi ndithu. Masamu ankawamwa ngati thobwa. Nthenda yake inali imodzi yokha: kufunsa ankakuona ngati kuvula pagulu. Kwa iyeyo, munthu akafunsa ndiye kuti wavomera kuti mnzakeyo wamuposa. Akasochera ankangoyendabe mpaka njira imumvere chisoni. Ndipo ntchito imeneyi ankaifuna ndi mtima wake wonse, chifukwa inali ndi nyumba yake pa koleji pomwepo. Chimalizireni sukulu, Yotamu ankagona pabalaza kwa mlongo wake, n'kumapinda mphasa m'mamawa alamu ake asanatuluke kuchipinda. Alamuwo sankanena kanthu. Ankangotsokomola akamadutsa, ndipo chifuwa chimenecho Yotamu chinali chitamukwana.

Mkulu wa maphunzirowo anali Profesa Likongwe, mayi wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa khanda. Anamuitanira Yotamu mu ofesi mwawo.

"Bambo Kanyumbu, mapepala anu tawaona, ndi okongola," anatero. "Koma ife sitilemba ntchito mapepala. Mawa m'mawa mudzaphunzitse kalasi ya chaka chachitatu, ife tikuonerera. Mutu wake ndi kunanda. Muwaonetse chifukwa chimene madzi amathamangira m'paipi pamene uchi umakwawa, komanso zimene kutentha kumasintha. Uchi tikuikirani m'labu, m'beseni la madzi otentha. Mukaphunzitsa bwino, ntchito ndi yanu. Pali chimene mukufuna kufunsa?"

M'mutu mwa Yotamu mafunso anali ngati linthumbu. Labu yake iti? Beseni lake lotani? Ophunzirawo anafika pati? Koma anangokonza tayi.

"Ayi, mayi. Zonse zamveka."

"Mwatsimikiza? Kufunsa n'kwaulere kuno."

"Ndatsimikiza, mayi."

Kutacha, Yotamu anafika pa koleji molawirira, nsapato zikuwala. Koma inu, malabu pa koleji paja anali ambiri! Woyamba umene analowa unali wodzaza matumba a simenti. Wachiwiri unali wa mawaya okhaokha. M'makonde ophunzira ankadutsa nyomi, aliyense ndi pakamwa pake poyankhira, koma Yotamu ankawapitirira akuyang'ana denga ngati munthu woyendera nyumba. Anazungulira mpaka malaya anamata kumsana. Chimene chinamupulumutsa ndi mphuno: penapake panamveka kafungo ka uchi, iye n'kukatsatira ngati njuchi, mpaka pa chitseko chobiriwira kumapeto kwa khonde.

Anapeza onse atakhala kale. Ophunzira anali m'mabenchi ndi makope awo. Pambali panali tebulo la oweruza awiri: Profesa Likongwe ndi fulasiki yawo ya tiyi, komanso Bambo Mtambalika, injiniya wachikulire wa ku fakitale ina ya shuga, munthu wathupi, amene anabwera ndi botolo la madzi ozizira, ayezi akugundana m'katimo.

Tsono apa mvetsetsani, chifukwa nkhani yagona pamenepa. M'labu monsemo beseni lotenthetsera lamoyo linali limodzi. Ndaziona Kaliwo, amene nthawiyo anali mtsikana wa m'kalasi yomweyo, anali ndi ntchito yake pamodzi ndi anzake: ankayesa kusunga kutentha kwa dzuwa mu phula la njuchi, kuti lizifunditsa anapiye dzuwa likalowa. Phula lawolo analiika m'beseni lomwelo kuti lisungunuke, pafupi ndi uchi. Onse awiri anali m'mabika, makapu agalasi aja a m'labu, ndipo bika iliyonse inali ndi kapepala ka dzina. Koma nthunzi ndi nthunzi. Timapepala tinamatuka, ndipo Yotamu atasuzumira m'besenimo anapeza tikuyandama, inki itasukuluka yonse.

Mabika awiri. Onse achikasu. Onse onunkhira njuchi.

Yotamu anaima. Mtima unamuuza kuti, "Tembenuka, ufunse kuti uchi ndi uti. Mawu atatu okha." Koma mtima wina, uja wa tayi, unayankha kuti, "Mphunzitsi woyamba phunziro ndi kufunsa ana asukulu, oweruza akuona? Ndiye kubwerera kumphasa kumeneko." Choncho anaganiza zogwiritsa ntchito nzeru. Anapendeketsa bika yakumanzere: zam'katimo zinali zoderako, zoyenda monyinyirika. Anapendeketsa yakumanja: zoyera bwino ngati mafuta ophikira atsopano, zoyenda mosavuta. "Uchi ukatentha umapepuka," anadziuza. "Ndiye ndi uwu. Winayu ndi manyuchi a nzimbe amene mkulu wa shugayu wabwera nawo kudzandiyesa." Anamwetulira pozindikira msampha umene kunalibe, n'kunyamula bika yakumanja.

Nthawi yomweyo mkono wa Ndaziona unakwera m'mwamba.

"Mwadzuka bwanji nonse," anatero Yotamu ndi mawu amphamvu. "Ine ndine Kanyumbu. M'kalasi mwanga lamulo ndi limodzi: mafunso kumapeto. Chemwali, tsitsani mkono."

"Koma aphunzitsi..."

"Kumapeto."

Ndaziona anayang'ana kwa a Profesa. A Profesa anali akuthira tiyi m'kachivindikiro ka fulasiki, maso ali pa tiyiyo. Mkono unatsika pang'onopang'ono.

Ndipo kunena zoona, poyamba zinayenda bwino kwambiri! Yotamu ankadziwa kuphunzitsa. Anajambula paipi pabolodi, n'kuonetsa kuti zamadzimadzi zimayenda ngati anthu otuluka m'tchalitchi: a m'mbali amakhulana ndi khoma n'kumachedwa, a pakati amadutsa mwachangu. Anati kunanda ndiko kugwirana malaya kwa anthuwo, ndipo kutentha kumawachititsa kutayana. Ophunzira analemba. Bambo Mtambalika anagwedeza mutu. Yotamu anaona kugwedeza mutuko, ndipo m'maganizo mwake anayamba kusankha makatani a nyumba ija.

Kenako anathira zina za m'bika muja m'botolo lalitali lagalasi, zotsalazo n'kuzibwezera m'beseni. Anatulutsa kampira kachitsulo ka mu beringi ya njinga.

"Kampira aka kakamira mochedwa, ndiye kuti kunanda n'kwakukulu. Kakamira msanga, n'kochepa. Penyani uchi wotentha."

Anakaponya. Asanadine n'komwe wotchi, kampira kanali katafika pansi, thi!

"Mwaona? Kutentha kwaumasula."

Mkono wa Ndaziona unakweranso, tsopano ukugwedezeka.

"Chemwali, kodi kwanu mawu oti kumapeto amatanthauza china?"

Kalasi inaseka, Ndaziona n'kuluma mlomo. Mnyamata wokhala naye pafupi, Tsilizani, wodziwika ndi pakamwa posatseka, anamunong'oneza kuti, "Asiye, aise. Phula ndi lathu, koma filimu ndi yaulere."

Pa tebulo lalikulu panali paipi yagalasi yopendekeka, yokutidwa ndi paipi ina yokulirapo mmene munkadutsa madzi a pampopi oziziritsa. Yotamu anatsegula mpopi.

"Tsopano tiuziziritse uchiwu uku ukuyenda. Muona kuti uchepetsa liwiro, koma ufika kumapeto, chifukwa chamadzimadzi chilichonse chimatsata kutsetsereka."

Anathira. Chikasu chija chinalowa m'paipi mothamanga, kenako chinayamba kuyenda ngati mkwatibwi, kenako ngati nkhono. M'mbali mwa galasi munayamba kutuwa. Kutuwako kunalowerera m'kati, kanjira ka pakati kakucheperachepera, mpaka zonse zinaima pakatikati pa paipi, zii.

Anthu anadikira. Mpopi unkangolira. Kunja njiwa inalira n'kusiya.

"Kudekha," anatero Yotamu. "Uchi ukazizira suthamanga."

Anadikiranso.

"Aphunzitsi," anatero Tsilizani, "si funso ayi, ndikungodandaula. Uchiwu sukuthamanga, kapena watisiya?"

Yotamu anagogoda paipi ndi chala. Palibe. Anaipendeketsa kwambiri. Palibe. Anaika pakamwa kumapeto kwake n'kuuzira mpaka masaya anatupa ngati a woimba lipenga la beni, koma chinthucho chinangokhala phee, ngati chalipira lendi. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Mtima woyamba uja unabweranso: "Mtsikana uja akudziwa kanthu. Mufunse." Koma Yotamu anaukankhira pansi. Anabwerera ku botolo lalitali lija ndi kampira kena.

"Tiyeni tione kaye kuno. Uchi uwu wazizirako, ndiye kampira kamira pang'onopang'ono. Yang'anitsitsani."

Anakaponya. Kampira kanagwera pamwamba n'kukhazikika pomwepo, ngati nkhuku pa mazira. Sikanamire ngakhale pang'ono.

Apa Bambo Mtambalika anatsamira kutsogolo, mpando n'kulira.

"Achimwene, pepani, ine lamulo lanu la mafunso lindikhululukire, ndine wokalamba, ndingafe kumapeto kusanafike. Ine zonanda ndakhala nazo moyo wanga wonse. Manyuchi ndawaona atazizira, ndawaona atapsa. Koma chinthu chosenza chitsulo pamutu chonchi sindinachione. Mwatsimikiza kuti umenewu ndi uchi?"

Abale, khomo linatseguka pamenepa! Mkulu uja anachita kumutsegulira yekha. Yotamu akanangoti, "Bwana, nanenso ndayamba kukayika, alipo akudziwa?" bwenzi nkhani itathera pomwepo, ifenso bwenzi tilibe mwambi wolemba pa mayeso. Koma mawu oti mwatsimikiza anamulasa ngati munga. Anaona ophunzira akumuyang'ana. Anaona a Profesa atasiya kumwa tiyi. Anamva, kutali m'makutu mwake, chifuwa cha alamu ake.

"Bwana," anatero akudzigunda pamtima, "ine kwathu ndi ku Ntchisi, m'mphepete mwa nkhalango. Uchi ndinayamba kudya ndisanamere mano. Ngati mukukayika masamu, lilime silinama."

Anatulutsa bika ija m'beseni.

"Bambo Kanyumbu," anatero a Profesa, "m'labu sitilawa kanthu."

Koma mawu a a Profesa anali oyenda pang'onopang'ono, ndipo dzanja la Yotamu linali lachangu. Ndaziona anaimirira, benchi n'kugwa kumbuyo kwake.

"Aphunzitsi, musa..."

"Kumapeto!" anatero Yotamu, n'kupapira.

Chinthu choyamba chimene anazindikira n'chakuti sizinali zotsekemera. Ngakhale pang'ono. Chachiwiri n'chakuti zinali zotentha ngati tiyi wa pamaliro. Zina zinatsika kukhosi zokha asanaziletse, zina zinadzaza m'kamwa, zina zinayenderera m'ndevu. Alavule? Pamaso pa oweruza, atangotchula kumene Ntchisi ndi nkhalango yake? Anatseka pakamwa n'kuluma mano. Misozi inalengeza. Maso ake anasakasaka chothandiza, ndipo anaona botolo la Bambo Mtambalika likuchita thukuta pa tebulo.

Koma inu, munthu wofunsira ntchito yophunzitsa za kutentha! Iye amene anali atangoonetsa kumene zimene madzi ozizira anachita m'paipi muja! Ululu sudziwa digiri. Anatsomphola botololo, n'kukoka madzi a ayezi kudzera pa mpata wa mano ake akutsogolo.

Kutentha kunatha nthawi yomweyo. Yotamu anapumira m'mphuno mwachisangalalo. Kenako anafuna kutsegula pakamwa kuti anene kuti uchi wake ndi wabwino, wa maluwa a m'nkhalango.

Pakamwa panakana.

Anayesanso. Mano akumwamba ndi akumunsi anali atalowa m'chinthu chimodzi cholimba, ngati njerwa m'simenti. Lilime linali m'ndende. Ndevu zija zinali zitauma, tinsonga tachikasu tikulendewera ngati kandulo ya m'tchalitchi.

"Mmm," anatero Yotamu.

Tsilizani anangogwira pamutu. A Profesa anatseka fulasiki yawo modekha.

"Bambo Kanyumbu, kodi tinganene kuti kumapeto kwafika? Mafunso aloledwa?"

Yotamu anagwedeza mutu kuvomera.

Ndaziona anakweza mkono mwaulemu wonse, n'kudikira mpaka Yotamu atamuloza.

"Zikomo, aphunzitsi. Langa silinali funso kwenikweni. Ndimangofuna kunena kuti limenelo ndi phula lathu la anapiye. Uchi ndi uwo watsala m'besenimo."

Eee, kuseka kwake! Ena anagwa m'mabenchi. Bambo Mtambalika anaseka mopanda mawu, thupi lokha likugwedezeka, akupukuta maso ndi tayi. Yotamu anayang'ana chitseko chobiriwira chija. Chinali pafupi. Koma kuseri kwake kunali minibasi, ndipo kumapeto kwa minibasi kunali mphasa.

A Profesa anadikira phokoso lithe.

"Nthawi ya phunziro sinathe," anatero. "Bambo Kanyumbu, kalasi ikadali yanu."

Yotamu anatola choko. Munthu uja amene chibadwire sanafunsepo njira, anapita pabolodi, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: TINGALICHOTSE BWANJI? Mumtima anadzitonthoza kuti limeneli si funso lenileni, ndi funso la mphunzitsi, loyesa ana. Koma maso ake ankapempha ngati a mbuzi yomangidwa panjinga.

"Tiwaviike mutu m'beseni," anatero Tsilizani.

Yotamu anapukusa mutu mwamphamvu, n'kulemba pabolodi kutentha kwa madzi a m'besenimo, n'kujambula khutu pambali pake, n'kulidula ndi mzere.

"Chabwino, makutu akufunika. Nanga tingowasiya padzuwa ngati mbatata?"

"Iwe, taganiza," anatero Ndaziona. "Phula limasungunuka likapitirira madigiri 60. M'kamwa mwa munthu ndi 37 basi. Dzuwa la pakhonde silingafike pamenepo, angopsa mphuno."

"Ndiye bwanji linali lamadzi polowa?"

"Linali ndi kutentha kwa m'beseni. Madzi ozizira aja alilanda."

"N'chifukwa chake m'paipi layambira m'mbali kuuma!" anafuula mtsikana wina kumbuyo, amene akuti chaka chonse anali asanalankhulepo m'kalasi. "Kuzizira kumalowera kukhoma!"

Yotamu anamuloza ndi choko, n'kupukusa chala. Anajambula paipi, n'kuika mivi yochokera m'kati kupita kunja.

"Aa, pepani," anatero mtsikanayo. "Si kuzizira kumene kumalowa. Ndi kutentha kumene kumatuluka."

Yotamu anawomba m'manja, "Mmm! Mmm!"

Basitu, kalasi inayaka moto. Mikono inali m'mwamba ngati chimanga, ndipo poti mphunzitsi analibe pakamwa ponenera kuti kumapeto, ankangoloza uyu, n'kuloza uyo. Wina anati pafunika madzi otentha. Wina anati otentha bwanji, poti munthuyo tikumufunabe wamoyo. Wina anati sipafunika kulisungunula lonse, kungolifewetsa kuti mano atuluke. Anakangana za kuchuluka kwa madziwo. Tsilizani anawerengera pabolodi n'kupeza kuti kapu imodzi ikwana, koma Yotamu anazunguliza mzere wina ndi choko chofiira n'kugogoda pamenepo mpaka Ndaziona anadumpha.

"Waiwala kuti phula limameza kutentha kwambiri lisanafewe! N'chifukwa chaketu tinalisankhira anapiye. Limasunga, silitaya msanga, ndiponso sililandira msanga."

"Ndiye aphunzitsiwa afunda mpaka mawa," anatero Tsilizani. "Tingowaika m'khola."

Pomaliza anagwirizana chimodzi: tiyi wotentha wopiririka, pang'onopang'ono, kambirimbiri, ndipo asamangomusunga m'kamwa duu, azimuchukucha, chifukwa zamadzimadzi zoyenda zimapereka kutentha msanga kuposa zongokhala. Onse anatembenukira ku fulasiki ya a Profesa. A Profesa anaiyang'ana fulasikiyo ngati mayi wotsanzikana ndi mwana wopita kusukulu yogonera komweko, kenako anaikankhira kutsogolo.

Anapeza kapaipi koyera, n'kukalowetsa pa mpata wa mano uja. Yotamu anakoka tiyi, n'kuchukucha, n'kumeza. Anakokanso. Kalasi yonse inamuzungulira, ikumuwerengera ngati mayi wobereka. "Chukuchani, aphunzitsi! Kumanzereko!" Bambo Mtambalika nawo anali ataimirira, akufunsa Ndaziona za anapiye ake, n'kumalemba pachikhatho. Nsagwada zinayamba kugwedera pang'ono. Kenako kwambiri. Kenako, pwa! Pakamwa panatseguka, ndipo m'dzanja la Yotamu munagwera chibulumwa chachikasu chokhala ndi chithunzi cha mano ake onse, ndi mpata womwe.

Anthu anawomba m'manja ngati timu yagoletsa. Kenako phokoso linazirala, aliyense n'kubwerera pamalo pake, chifukwa tsopano inali nthawi ya oweruza.

Yotamu anaima kutsogolo, chibulumwa m'dzanja, lilime litapsa. Anadziwa kuti mawu amene atuluke tsopano ndi amene asankhe pakati pa nyumba ndi mphasa. Akanatha kupepesa. Akanatha kuthokoza Ndaziona. Koma mtima wa tayi uja, umene sunapse nawo, unafika poyamba.

"Monga mwaonera," anatero, mawu akutuluka mopindika, "zonsezi ndinakonza dala."

Ndaziona anatsegula pakamwa. Tsilizani anamuponda phazi.

"Dala?" anafunsa a Profesa.

"Dala, mayi. Ndi njira yatsopano yophunzitsira. Wophunzira saiwala chimene waona ndi maso."

A Profesa anayang'ana Bambo Mtambalika. Bambo Mtambalika anayang'ana denga, masaya akunjenjemera. A Profesa anagwedeza fulasiki yawo pafupi ndi khutu, n'kumva kuti mulibe kanthu, n'kuiika pansi.

"Ndakhala pa koleji pano nthawi yaitali," anatero pang'onopang'ono. "Kalasi iyi ndimaidziwa. Imagona ngakhale pa mayeso. Lero ndaona ana akulimbirana choko. Ndaona Esinala uyo kumbuyoko akulankhula, ine ndinkayesa kuti ndi wosalankhula chibadwire. Zimene aphunzira lero sadzaiwala mpaka imvi. Bambo Kanyumbu, ntchito ndi yanu. Makiyi a nyumba mukatenge ku ofesi."

Abale, anaipeza! Ntchito anaipeza! Yotamu anaona mphasa ija ikupindidwa komaliza. Anafuna kuvina pomwepo.

"Ndipo," anapitiriza a Profesa, "poti njirayi ndi yanu, munaikonza dala, ndiponso yaoneka kuti imagwira, sitingaimane ana ena. Tiyiika m'ndondomeko ya maphunziro. Kalasi iliyonse yatsopano izidzaona phunziro limeneli, monga mmene lachitikira leromu, osachotsapo kanthu. A chaka chachiwiri muwaonetsa Lachinayi likubwerali."

"Madzi a ayezi ndizibweretsa ine," anatero Bambo Mtambalika. "Ndisadzaphonye."

"Phula tikupatsani lathu, aphunzitsi," anatero Tsilizani. "Koma lomwe mwamezalo anapiye akulidikira."

A Profesa anapinda manja n'kumuyang'ana Yotamu mokoma mtima, osathamanga. Anamupatsa mpata wonse. Panali njira zambiri zotulukira: kodi sizingatheke kungojambula pabolodi, mayi? Kodi sitingagwiritse ntchito chidole? Kodi Lachinayi lake lomweli? Mafunso onsewo anafika mpaka pa mpata wa mano, n'kusuzumira kunja. Yotamu anawameza, anatsikira komwe kunapita phula.

"Ndi mwayi wanga, mayi," anatero, akumwetulira ndi mano achikasu.

Ndipo a Kaliwo akuti munthu uja anaphunzitsa pa koleji paja mpaka ndevu zinachita imvi, ali mphunzitsi wabwino, wokondedwa, wa nyumba ya makatani okongola. Koma chaka ndi chaka, kalasi yatsopano ikafika, ankavala tayi, n'kuima patsogolo pa beseni, n'kupumira m'mwamba, n'kunyamula bika yakumanja.

Masana a tsiku loyambalo, ophunzira atapita kukadya, a makalasi ena anawaunjikira kuti amve chimene chinkasekedwa m'labu. Anafunsa kuti ntchito ija wapatsidwa ndani. Koma dzina loti Kanyumbu linali litathawa m'mitu ya onse.

"Ujeni uja," anatero Tsilizani akukanda m'mutu. "Wamtali uja. Uja safunsa uja."

"Safunsa? Watani Safunsayo?"

Tsilizani anaika supuni pansi, n'kupukuta pakamwa, n'kuyankha. Yankho lakelo linatuluka m'chipinda chodyeramo, linakwera minibasi, linafika m'misika ndi m'midzi, mpaka linalowa m'mayeso athu a Chichewa, ndipo mpaka lero munthu akamanyada ndi kusafunsa timamukumbutsa kuti: Safunsa anadya phula.